Kununkha ndi Kununkhira: Mbiri ya Ambari, Fungwe ndi Kabotolo ka Perefume

Chilankhulo chathu chili ndi mawu awiri amene amakhala ngati mapasa: kununkha ndi kununkhira. Kusiyana kwake ndi tizilembo tiwiri basi, koma muyese kuuza apongozi anu kuti akununkha pamene mumafuna kunena kuti akununkhira, muone ngati mlanduwo sufika kwa anyakwawa. Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya mafuta onunkhira ikugwirizana ndi zimene chilankhulo chathu chinaona kalekale. Mafungo amene mafumu a ku Baghdad, ku Lisboa ndi ku Paris ankagula pa mtengo wa golide ankachokera m'zinthu zimene inu ndi ine tikanazikankhira kutali ndi ndodo titagwira pamphuno. Ndipo zina mwa zinthuzo ankazitola kugombe la dziko lathu lino, zina ankazikanda pansi pa mchira wa nyama imene imatigwirira nkhuku usiku.

Nkhaniyi siyongocheza ayi. Tsiku la feira ku Ulongwe kapena ku Zobwe timaona timabotolo tambirimbiri titayalidwa padzuwa, ndipo mnyamata amene wagulitsa thumba la mbatatesi amasiyapo ndalama zake pofuna kuti akafike kwa chibwenzi akununkhira. Akafika, fungo lija latha kale panjira. Wodziwa kumene perefume anachokera ndi mmene amagwirira ntchito sapusitsidwa msanga pamsika.

Tiyambire pa dzina. Mawu oti perefume, amene tinatengera kwa Apwitikizi, gwero lake ndi Chilatini, per fumum, kutanthauza kuti "kudzera mu utsi". Anthu akale sankapopera kanthu m'khwapa. Ankaika utomoni wa mitengo pa makala, utsi n'kumalowa m'zovala, m'tsitsi ndi m'nyumba zopemphereramo. Utomoni wotchuka unali lubani ndi mure, zomwe zija timamva m'tchalitchi pa Khirisimasi. Mitengo ya lubani imamera m'malo ouma a ku Oman, Yemen ndi Somalia. Amaitema khungwa, imatulutsa madzi oyera ngati mkaka, madziwo n'kuuma kukhala timibulu. Zaka pafupifupi 3,500 zapitazo mfumu yaikazi ya ku Egypt, Hatshepsut, inatumiza zombo kudziko la Punt kukatenga zofukiza, ndipo zithunzi za ulendowo, zoonetsa mitengo yathunthu itanyamulidwa m'madengu ndi mizu yake yomwe, zikuonekabe pamakoma a kachisi wake ku Deir el-Bahari. Kuno kumtunda agogo athu ankasalala ndi mafuta a nsatsi, ndipo zofukiza za kutali zikafika, zinkafika ndi amalonda ochokera kugombe.

Chuma choyandama

Kugombeko kunali chinthu china chimene amalonda ankachifuna kuposa lubani. Aarabu ankachitchula anbar, Aswahili amati ambari, Apwitikizi âmbar. Chimaoneka ngati mwala wotuwa, koma n'chopepuka, chimayandama pamadzi, ndipo mukachibaya ndi singano yotentha chimasungunuka ngati phula. Palibe ankachilima, palibe ankachikumba. Mafunde ankangochitaya pamchenga, makamaka kukachita namondwe. Wolemba mbiri wa ku Baghdad, al-Masudi, amene anayenda pa nyanja yathu ya mchere cha m'ma 916, analemba za ambari wopezeka kugombe la Zanj, ndiko kuti kum'mawa kwa Africa, ndipo anatchulanso Sofala kuti ndi kumene zombo za ku Oman zinkathera ulendo wawo. Tangoganizani, zaka zoposa 1,000 zapitazo, msodzi wina woyenda m'mamawa pamchenga ankatola chinthu chimene chinkakathera m'ndevu za nduna ku Baghdad.

Apwitikizi atafika anapeza malondawo ali m'chimake. Duarte Barbosa, polemba cha m'ma 1516, anafotokoza za zilumba zimene ankazitchula Hucicas, zomwe lero timati Bazaruto, kuti kumeneko kunkapezeka ambari wabwino wambiri pamodzi ndi ngale, ndipo Asilamu okhala kumeneko ankamutola n'kumakamugulitsa kunja. Pambuyo pa 1544, chaka chimene Lourenço Marques anakayendera doko limene lero kuli Maputo, chombo chinkanyamuka ku Ilha de Moçambique kupita kum'mwera chitadzaza nsalu ndi mikanda, n'kubwerako ndi minyanga ya njovu ndi ambari. M'mabuku a kusukulu timaphunzira za golide, minyanga ndi akapolo, ndipo n'koyenera kutero, pakuti zimenezo n'zimene zinakhetsa magazi. Koma pakati pa katundu wa m'zombozo pankakhalanso timitolo ta chinthu chonunkhirachi, tating'ono koma ta mtengo woopsa.

Amene analemba zambiri za ambari wa kwathu ndi wansembe wa chipani cha Adominiko, João dos Santos. Anafika m'dziko muno mu 1586, anakhala ku Sofala mpaka 1590, kenaka anakwera mtsinje wa Zambezi kupita ku Sena ndi ku Tete, kumene anakhalako miyezi ingapo. Ndiye kuti munthuyu anapondapo m'chigawo chathu chino ndithu. Buku lake, Ethiopia Oriental, linasindikizidwa ku Évora mu 1609. Iye anaona kuti ambari ali m'mitundu itatu: woyera, amene anali wapamwamba kwambiri, wotuwa, wapakati, ndi wakuda ngati phula la pamsewu, wofewa, wa fungo loipa. Apa anaona bwino. Koma pofotokoza kumene ambari amachokera, bambo wansembeyu anaphonya. Iye ankakhulupirira kuti amamera pansi pa nyanja, mkuntho n'kumamuthyola, ndipo akapezeka m'mimba mwa namgumi ndiye kuti namgumiyo wachita kumudya.

Tisamuseke, chifukwa sanali yekha. Ena ankati ambari ndi thovu la nyanja louma, ena ankati ndi zitosi za mbalame yaikulu, ena ankati ndi utomoni wa mitengo ya m'mphepete mwa nyanja. Ku China ankamutchula malovu a chinjoka. Kusadziwako sikunaletse anthu kumugwiritsa ntchito. Kumaiko a Aarabu ankamufukiza ndi kumuika m'zakumwa. Ku Ulaya, pa nthawi ya miliri, olemera ankayenda ndi kampira kokhala ndi ambari m'kati n'kumanunkhiza, poganiza kuti matenda amayenda ndi mpweya wonunkha. Zimanenedwanso kuti mfumu Charles II ya ku England inkakonda kudyera mazira othira ambari. Ikanadziwa zimene munthu wina anadzatulukira patapita zaka 100, kaya mazirawo akanatsika kukhosi.

Zoona zake zinamveka bwino mu 1783, pamene dokotala wina dzina lake Schwediawer, atafunsa anthu opha anamgumi ndi kupima ambari wambiri, anafotokozera bungwe la Royal Society ku London kuti chinthuchi chimapangika m'matumbo a mtundu umodzi wokha wa namgumi, uja wa chimutu chachikulu amene Apwitikizi amati cachalote. Namgumiyu amamira mozama kupitirira mamita 1,000 kukasaka malula, nyama zofewa za m'nyanja zija zimene amene munafika ku Beira munaziona pamsika. Lula ndi wofewa thupi lonse, kupatula mlomo wake umene ndi wolimba ngati wa chinkhwe. Milomoyo sigayika. Yambiri namgumi amaisanza, koma ina imadutsa n'kukafika m'matumbo, kumene imamatana ndi mafuta ndi ndowe n'kupanga chimbulu chimene chimakula chaka ndi chaka. Akatswiri amati mwa anamgumi 100 a mtunduwu, ndi mmodzi yekha amakhala nacho. Chikatuluka, kapena namgumiyo akafa n'kuwola, chimbulucho chimakhala chakuda, chofewa, chonunkha chimbudzi. Kenaka chimayandama kwa zaka zambiri. Dzuwa, mchere ndi mphepo zimachiumitsa, chimatuwa, ndipo fungo loipa lija limasanduka fungo lozizira, lokoma, longa la dothi lonyowa losakanikirana ndi mphepo ya kunyanja. Tsono mitundu itatu ya bambo dos Santos ija inali chinthu chimodzi pa misinkhu yosiyana: wakuda ndi khanda, woyera ndi nkhalamba.

Malinga ngati anthu ankangotola pamchenga, namgumi analibe nazo mlandu. Zinthu zinasintha pamene zombo za ku America ndi ku Ulaya zinayamba kusaka anamgumi nyanja zonse pofuna mafuta a nyale ndi makandulo. Aliyense wophedwa ankamung'amba matumbo kufufuza ngati muli ambari. Nyanja yathu sinasiyidwe: osaka anamgumi ankaima padoko la Lourenço Marques kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anthu a ku Norway anamanga malo ophikirapo mafuta a anamgumi ku Linga Linga, pafupi ndi Inhambane. Anamgumi anatha mochititsa mantha padziko lonse, mpaka mu 1982 bungwe la maiko loona za anamgumi linagwirizana zoimitsa kuwapha pofuna malonda, ndipo chiletsocho chinayamba kugwira ntchito mu 1986.

Ambari wotola akadalipo, ndipo akadalemeretsabe anthu mwa apo ndi apo. Mu 2021 asodzi 35 a ku Yemen anakoka mtembo wa namgumi umene unkayandama pafupi ndi Aden, anapezamo ambari wolemera makilogalamu 127, ndipo anamugulitsa pa madola 1.5 miliyoni. Komabe m'maiko monga United States, Australia ndi India malonda a ambari ndi oletsedwa, poopa kuti anthu angayambirenso kupha anamgumi. Opanga perefume ambiri anasiya kudikira mafunde. Mu 1950 akatswiri a kampani ya Firmenich ku Switzerland anapanga fungo la ambari kuchokera ku chitsamba china cholimidwa m'munda, ndipo lero fungolo, limene ambiri amalidziwa ndi dzina loti ambroxan, lili m'maperefume ambiri a abambo. Mukamva kafungo kouma, kokhalitsa pa malaya ngakhale mawa lake, kawirikawiri ndi kameneko.

Mbala ya nkhuku

Tichoke kunyanja tibwere kumudzi. Fungwe timamudziwa tonse: wamawanga akuda, nkhope ngati wavala chigoba cha gule, woyenda usiku, wodya chilichonse kuyambira zipatso, mbewa, abongololo mpaka nkhuku zathu. Alenje amadziwanso kuti fungwe ndi waukhondo m'njira yake, amakachita chimbudzi malo amodzimodzi masiku onse. Pansi pa mchira wake pali kathumba kamene kamatulutsa mafuta achikasu onga batala, ndipo iye amawapaka pa mitengo ndi pa miyala pofuna kuuza anzake kuti dera lino lili ndi mwini. Amene ananunkhizapo mafutawo akudziwa kuti amalasa m'mutu. Aarabu ankawatchula zabad, Aswahili amati zabadi, ndipo nyamayo kugombe amati fungo, dzina limene mukumva nokha kuti ndi pachibale ndi fungwe wathu. Mafuta onunkha amenewa, akasungunulidwa kadontho kamodzi mu mowa wambiri, amasanduka fungo lofunda, lokoma ngati la maluwa, ndipo kwa zaka mazana ambiri perefume wa anthu olemera sankatheka popanda iwo.

Dziko limene linatchuka ndi malonda amenewa ndi Ethiopia. Kumeneko afungwe amawagwira kutchire, makamaka amphongo, n'kuwasunga m'tizikwere tamitengo topapatiza kotero kuti nyamayo singatembenuke bwino. Pakatha masiku 9 mpaka 15 amaigwira mchira ndi miyendo, n'kukanda kathumba kaja ndi kasupuni ka nyanga. Mafuta otuluka ndi magalamu ochepa chabe, ndipo kale ankawasunga m'nyanga za ng'ombe potumiza kunja. Popeza mtengo unali wokwera, achinyengo ankasakanizamo batala kapena nthochi yofinya kuti sikelo ilemere. Mwaona, katundu wabodza sanayambe lero. Kunena mosabisa, moyo wa fungwe wa m'chikwere ndi wozunzika, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mabungwe oteteza nyama anadzudzula kwambiri ulimi umenewu. Makampani akuluakulu anasamukira ku fungo lopangidwa m'fakitale. A Chanel, eni perefume wotchuka uja Chanel No. 5 amene anatuluka mu 1921, ananena kuti anasiya mafuta enieni a fungwe mu 1998.

Pali kankhani kamodzi koseketsa. Daniel Defoe, Mngelezi amene anadzalemba buku la Robinson Crusoe, asanakhale wolemba anali wamalonda. Mu 1692 anagula afungwe pafupifupi 70 n'kumawaweta kufupi ndi London, akuwerengera kale phindu. Ndalama zogulira zinali zangongole, zina za apongozi ake aakazi. Chaka chisanathe bwino ngongole zinamumiza ndipo afungwe aja analandidwa. Amene tinayambapo geni ndi ndalama za apongozi tikumvetsa mmene kunyumbako kunalili.

Nyama yachitatu sitiidziwa kuno, choncho tingodutsapo. M'mapiri a Himalaya, ku Tibet ndi ku Siberia kuli kanyama konga gwape, kopanda nyanga koma kokhala ndi mano awiri otuluka kunja. Kamphongo kali ndi kathumba pafupi ndi mchombo kosunga magalamu pafupifupi 25 a chinthu chotchedwa miski, Apwitikizi amati almíscar. Kuti apeze kilogalamu imodzi ankapha tinyama tambirimbiri. Chimene chinayamba kutipulumutsa chinali ngozi ya m'chipinda chopimira mankhwala. Mu 1888 Mjeremani wina, Albert Baur, ankafufuza zida zophulika za mtundu wa TNT, ndipo mmalo mwa bomba anapeza mankhwala onunkhira ngati miski. Mu 1926 katswiri wina wogwira ntchito ku Switzerland, Leopold Ružička, anatulukira mmene timagawo tonunkhira ta miski ndi ta fungwe tinalukidwira, zimene zinatsegula njira yoti tizipangidwa popanda nyama. Mu 1939 analandira mphoto ya Nobel.

Nanga mbira, ija inasowa mchira chifukwa chotumiza? Nayonso ili m'nkhani. Mbira za m'matanthwe zimakodza ndi kunyera malo amodzi m'mapanga, mibadwomibadwo, ndipo zonyansazo zimauma n'kulimba ngati mwala kwa zaka mazana ngakhale zikwi. Ku South Africa ndi ku Namibia anthu amaswa mwalawo, umene dzina lake ndi hyraceum, n'kuugulitsa kwa opanga perefume, amene amati fungo lake lili pakati pa la fungwe, la miski ndi la fodya. Ubwino wake ngwakuti palibe nyama imene imaphedwa kapena kutsekeredwa. Tsiku lina mukakwera phiri la Domwe n'kumva kafungo kakukalipa kotuluka m'ming'alu ya miyala, mudziwe kuti ku Paris kuli anthu amene amalipira kuti akamve.

Tsono n'chifukwa chiyani anthu anavutika chonchi ndi matumbo a namgumi ndi mchira wa fungwe, maluwa ali mbwee? Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, fungo la maluwa ndi la zipatso limauluka msanga, pamene la nyama n'lolemera, linalengedwa kuti likhale pa mtengo kapena pa mwala masiku ambiri, mvula ndi dzuwa zikulimenya. Likasakanizidwa ndi la maluwa limaligwira kuti lisathawe, monga mmene mwala umatsindirira udzu wa padenga. Chachiwiri, mphuno ya munthu imaweruza malinga ndi kuchuluka. Mankhwala otchedwa indole amapezeka m'ndowe, ndipo amapezekanso m'duwa la jasmine. Akachuluka ndi chimbudzi, akachepa ndi duwa. Mchere nawonso umatero m'ndiwo.

Posankha panu

Perefume wopopera amene timagula lero anabadwa anthu ataphunzira kutcheza. Amayi amene amadziwa kutcheza kachasu amvetsa msanga: mumawiritsa, nthunzi imadutsa mu mpope wozizira, n'kudontha. Aarabu ndi Aperezi anakonza luso limeneli potcheza maluwa. Al-Kindi wa ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, analemba buku lokhala ndi njira zoposa 100 zopangira zonunkhira. Mafuta otuluka m'maluwa ndi ochepa zedi: pamafunika matani 3 kapena 4 a maluwa a rozi kuti papezeke kilogalamu imodzi. Anansi athu a ku zilumba za Comores, pakati pa ife ndi Madagascar, amathyola maluwa achikasu a ylang-ylang m'bandakucha n'kuwatcheza tsiku lomwelo, ndipo mafuta awo ali m'gulu la zinthu zimene zimalowa mu Chanel No. 5 uja. Mu 1709 Mtaliyana wina, Johann Maria Farina, anakhazikika mumzinda wa Köln ku Germany, umene Apwitikizi amati Colónia, n'kumagulitsa mafuta a mandimu ndi malalanje osungunulidwa mu mowa. Kolonia amene timapaka ana akasamba dzina lake linachokera pamenepo.

Mbiri yonseyi imakumana m'kabotolo kamodzi, chifukwa perefume wopangidwa bwino ali ndi magawo atatu amene amatuluka motsatizana. Loyamba ndi la mandimu, malalanje ndi timasamba, la Farina lija; limakulonjerani mukangopopera ndipo pakatha mphindi 15 lapita. Lachiwiri ndi la maluwa ndi zokometsera, limakhala maola angapo. Lachitatu ndi lija la ambari, miski, utomoni ndi mitengo, limene limatsala mpaka madzulo. Wogulitsa amadziwa kuti inu mugula chifukwa cha gawo loyamba, koma anthu amene mukakhale nawo akamva lachiwiri ndi lachitatu. Choncho musanunkhize pa chitsekerero, ndipo musagule pompo. Pemphani kuti akudonthezereni padzanja, pamene pamagunda mtsempha, musapake mofikisa, mupite mukagule tomato ndi sopo, mukacheze ndi anzanu, ndipo pakatha theka la ola munkhizenso. Ngati likukusangalatsanibe, bwererani. Wogulitsa wokana kuti muyese ali ndi chimene akubisa.

Musagulenso chifukwa choti mwamva fungolo pa mnzanu. Khungu la munthu aliyense lili ndi thukuta lake ndi mafuta ake, ndipo perefume yemweyo amamveka mosiyana pa anthu awiri. Pa khungu louma amathanso msanga, n'chifukwa chake kudzola kaye mafuta opanda fungo kumathandiza. Nyengo nayonso ili ndi mawu. Kutentha kumautsa fungo, moti perefume wolemera, wotsekemera, amene amakoma m'chisanu cha Juni ku Tsangano, mukapita naye ku Tete mwezi wa Okutobala amasanduka chilango kwa inu ndi kwa oyandikana nanu. Kotentha kumafuna zopepuka za mandimu ndi timasamba. Werenganinso pa botolo. Pakalembedwa eau de parfum ndiye kuti mafuta onunkhira alimo pafupifupi magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse. Eau de toilette ali ndi 5 mpaka 15. Kolonia ali ndi 2 mpaka 5 basi, kwinako ndi mowa ndi madzi. Kolonia akatha msanga sikuti akuberani, ndi mmene anapangidwira. Timabotolo tamafuta topanda mowa, tija timapezeka m'maloja a Amwenye ndi kwa abale athu Achisilamu, sitifika patali koma timakhalitsa pathupi, ndipo kadontho kamodzi kamakwana.

Mphuno imatopa. Mukanunkhiza mitundu itatu motsatizana, wachinayi simumumvanso bwino, ndiye tulukani kaye panja mupume mpweya. Kutopa komweko n'kumene kumapangitsa kuti munthu asamamvenso perefume wake amene amadzola masiku onse, n'kumaonjezera kupopera, kasanu, kakhumi, mpaka m'chapa monse anthu akutsegula mawindo. Inu simukumumva, koma ife tikumumva. Kupopera kawiri kapena katatu n'kokwanira. Tikumbukirenso odwala mphumu, amayi oyembekezera amene fungo limawachititsa nseru, ndi makanda amene amagoneka nkhope pachifuwa pathu. Ndipo pajatu perefume salowa m'malo mwa madzi ndi sopo. Akakumana ndi thukuta la dzana, tizilembo tiwiri tija timachoka.

Za mabotolo abodza tinene momveka. Kuti fungo lapangidwa m'fakitale sikutanthauza kuti ndi labodza. Kuyambira pamene William Perkin anapanga fungo la coumarin mu 1868, ndipo kampani ya Houbigant inaliika mu perefume wake Fougère Royale mu 1882, pafupifupi perefume aliyense, wodula ndi wotchipa yemwe, ali ndi zopangidwa m'fakitale. Zimenezi n'zimene zinatsitsa mtengo kuti mphunzitsi ndi mlimi azikwanitsa chinthu chimene kale chinali cha mafumu, ndipo n'zimenenso zinapumitsa namgumi ndi fungwe. Labodza ndi botolo lovala dzina la kampani yotchuka pamene m'kati mwake simukudziwika chimene chilimo. Ena mwa oterewa anapezekapo ndi mowa woopsa wa methanol. Kuli bwino kugula perefume wotchipa wa dzina lakelake, wolembedwa kumene anapangidwira ndi zimene zilimo, kusiyana ndi dzina lalikulu pa mtengo wa mabanzi. Yang'anani zilembo zolakwika pa katoni, chitsekerero chogwedera, ndi madzi a matope pansi. Mukagula watsopano, yesani kaye kadontho m'kati mwa mkono n'kudikira tsiku limodzi; pakayabwa kapena kutuluka nsungu, musiyeni. Mafuta ena a mtundu wa mandimu amadetsa khungu likapsa ndi dzuwa, choncho ngati mukupita kumunda kapena paulendo wa pansi, poperani pa malaya osati pakhosi.

Dzuwa limene limakometsa ambari panyanja limaononga perefume m'botolo. Kutentha ndi kuwala zimaswa gawo loyamba lija, madzi amasanduka akuda ndipo fungo limayamba kuwawasa. Botolo limene lakhala pa mphasa ya pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, feira ndi feira, lapsa kale ngakhale likhale lenileni. Funsani la m'katoni limene linali pamthunzi. Kunyumba musaliike pawindo kapena pafupi ndi denga la malata. Libwezereni m'katoni yake, mulitseke bwino, n'kuliika pansi pa zovala m'sutikesi.